Munthu woipa wa m'nkhani yanu mukamupeze pa siwa, osati kumanda usiku

Sewero langa loyamba ndinalemba ndili Fomu 3, ndipo munali munthu woipa amene ndinkamunyadira koopsa. Tinamupaka makala kumaso, tinamuveka chijasi chakuda chobwereka kwa alonda, ndipo akangolowa pa siteji ankaseka chikhakhali n'kuuza oonera kuti, "Lero ndimupha ameneyu!" Holo yonse inafa ndi phwete. Ana a Fomu 1 anatha sabata akutsanzira kasekedwe kake pa mzere wa nsima. Womuopa panalibe ndi mmodzi yemwe.

Patapita zaka ndinali pa maliro ena, ndipo ndinaona bambo wina waulemu wake, wa jekete yosita bwino, akulandira chipepeso ndi manja awiri, akutonthoza namfedwa ndi mawu ofewa ngati phala la mwana. Pofika madzulo makiyi a nyumba anali m'thumba mwake, ndipo anthu ankamuthokoza. Thupi langa linachita tsemwe. Amene ndinalephera kumulemba kusukulu uja anali atakhala pomwepo, akupempherera nsima.

Malangizo awa ndi a inu amene mukulemba nkhani yaifupi, buku, kapena sewero la pa wailesi ndi la pa siteji, ndipo mdani wa mwininkhani wanu akukana kuima. Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiumbe mmodzi limodzi. Mwamuna wina wamwalira ku Area 25 ku Lilongwe, wasiya mkazi, Nabanda, ana atatu, nyumba ya malata ndi minibasi imodzi. Mkulu wake wa malemuyo wabwera kuchokera ku Dowa. Ana amamutcha Bambo Aakulu, ndipo nafenso tizimutcha choncho.

1. Yambani ndi chimene akufuna, ndipo chikhale chogwirika ndi manja

Musanamupatse dzina, nkhope kapena kayendedwe, lembani chiganizo chimodzi: akufuna chiyani, ndipo akuchifuna pofika liti? Mukayankha kuti "akufuna kuzunza anthu" kapena "ndi wa mtima woipa basi", simunayambe. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikachite zoipa. Munthu amadzuka akufuna munda, mpando, mkazi wa mwini, ndalama ya fizi, kapena kuti amene anamunyoza amugwadire.

Taonani nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21. Mfumu Ahabu sanafune dziko lonse la anthu ena. Anafuna munda umodzi wa mpesa umene unali pafupi ndi nyumba yake ku Yezireeli, kuti adzalemo ndiwo zamasamba. Dimba basi. Anaperekanso mtengo wabwino, munda wina woposa umenewo kapena ndalama. Naboti atakana chifukwa unali cholowa cha makolo ake, mfumu yathunthu inakagona pa bedi, kuyang'ana kukhoma, kukana kudya. Kuchepa kwa chinthucho ndi kumene kumapweteka: munthu anafera dimba la ndiwo.

Bambo Aakulu akufuna minibasi ndi mapepala a nyumba, ndipo akuzifuna Nabanda asanadzidzimuke ku chisoni n'kupita ku ofesi ya DC. Tsopano muli ndi chinthu, muli ndi nthawi. Owerenga atha kuwerenga masiku pamodzi nanu.

2. Mupatseni mlandu umene iye mwini amauona kuti ndi chilungamo

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo olemba ambiri amapathawa chifukwa amaopa kuti akamumvetsa munthu woipa ndiye kuti amuvomereza. Ayi. Woweruza amamvetsera wakuba mpaka atamaliza, koma chigamulo chimakhala chomwecho.

Tengani pepala lapadera, limene silidzalowa m'nkhani. Muimike Bambo Aakulu pa bwalo, pamaso pa mfumu ndi nduna zake, ndipo mumulole adziteteze ndi pakamwa pake, tsamba lathunthu, inu osamudula. Wanga amanena zotere: bambo awo atamwalira iye anasiyira sukulu Sitandade 8 kuti mng'ono wake apitirize. Zaka zinayi za sekondale, fizi inkachokera m'mabelo ake a fodya amene ankapita nawo ku okushoni ku Kanengo. Iye ankadzuka mbandakucha kukathirira nazale, mnzake akuwerenga pa magetsi. Mng'onoyo atapeza ntchito anakwatira mkazi wa m'tauni, ndipo thandizo lopita kumudzi linasanduka thumba limodzi la fetereza pa chaka, nthawi zina osabwera n'komwe. Atabwera kudzacheza ku Area 25 anamugoneka pa mphasa pabalaza, m'nyumba imene iye amaiona kuti inamangidwa ndi msana wake. Ndiye lero mukuti zonsezi zipite kwa mkazi amene mawa lino akwatiwanso, mwamuna wina adzagone m'nyumba ya fodya wanga?

Mukawerenga tsambalo n'kupeza kuti penapake mwagwedeza mutu movomereza, mwamupeza munthu wanu. Mukaona kuti mukungomuseka, ling'ambeni muyambirenso.

Koma samalani ndi bala limeneli. Pali chizolowezi chofotokoza kuipa konse ndi ubwana wowawa: anali wamasiye, amayi omupeza ankamumana chakudya, n'chifukwa chake lero akupha anthu. Amasiye ndi ambiri m'dziko muno ndipo ochuluka sanalande kanthu ka munthu. Bala likungotiuza kumene mkwiyo unachokera. Chimene chimamupanga kukhala woipa ndi chimene wasankha kuchita nawo mkwiyowo, ndiponso amene wasankha kuti alipire. Bambo Aakulu anali ndi ngongole yeniyeni kwa mng'ono wake. Mng'onoyo ali moyo sanaitchule, ankangomwetulira n'kulandira fetereza. Wadikira mpaka mwini ngongole ali m'manda kuti akailipiritse kwa ana a zaka 17, 11 ndi 6. Pamenepo ndi pamene owerenga, amene anayamba kumumvera chisoni, amabwerera m'mbuyo.

Ndipo tsamba lija musalithire lonse m'nkhani. Tapaniko pang'onopang'ono, chiganizo apa, china patsogolo, ngati mchere.

3. Chida chake chichokere pamalo pomwepo

Mfuti ndi chikwanje ndi zida za mlembi waulesi. Munthu woopsa amamenya ndi zinthu zimene anthu onse amazilemekeza, kotero kuti womutsutsa amaoneka ngati akutsutsa mwambo, mpingo kapena boma.

Bwererani kwa Naboti muone mmene Yezebeli, mkazi wa Ahabu, anagwirira ntchito. Sanatume achiwembu usiku. Analemba makalata m'dzina la Ahabu, nawadinda ndi chidindo cha mfumu, nawatumiza kwa akuluakulu a mzinda wa Naboti yemweyo. Analamula kuti alengeze kusala kudya, Naboti amukhazike pa malo aulemu, ndipo anthu awiri opanda pake amunenere kuti watukwana Mulungu ndi mfumu. Mboni ziwiri, monga lamulo linkafunira. Naboti anaponyedwa miyala ndi anansi ake, chilichonse chikuoneka kuti chayenda mwa dongosolo, Yezebeli osagwira ngakhale kamwala.

Choncho dzifunseni: kumene nkhani yanga ikuchitikira, n'chiyani chimene anthu sangachitsutse pagulu? Kenako chiikeni m'manja mwa mdaniyo. Izi zikufuna kuti mudziwe malo anu bwinobwino, chifukwa chida cha ku Dowa si cha ku Mzimba. Kwa Achewa, kumene mbumba imatsata kuchikazi, Bambo Aakulu anena kuti ana ali ndi amalume awo, akawasamale ndi iwowo, koma katundu wa m'bale wathu abwerere kwathu. Kumene kuli malowolo mawu ake asintha: ana ndi athu, nyumba ndi yathu, mayiyu akafuna kukhala atsate zathu, akakana njira ndi iyo. Dyera ndi lomwelo, chovala chake n'chosiyana. Mukasokoneza ziwirizi, owerenga a kumaloko akutayani pa tsamba lomwelo.

Dziwaninso lamulo, chifukwa mdani wochenjera amalidziwa. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Nkhani ya masiku ano imene abale akubwera ndi lole masana n'kupakira mipando, popanda wina wotchula polisi, ikumveka yachikale. Bambo Aakulu wa lero salanda. Amasungira. Amapempha siginecha. Amaperekeza mlamu wake ku ofesi n'kumuyankhulira chifukwa "mayiwa sakupeza bwino".

4. Mukhazikeni pa mkhate

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mdani wanu akhale pa chinthu chimene mwininkhani sangafune kuchiswa. Nabanda atamutengera Bambo Aakulu ku polisi, ana ake ataya agogo awo, azakhali awo ndi mudzi wonse wa bambo awo. Apongozi ake okalamba, amene amamukonda Nabanda ndi mtima wonse, amadya m'manja mwa Bambo Aakulu yemweyo. Funso limene wowerenga aliyense amafunsa, loti "bwanji osangomuthamangitsa?", liyankhidwe ndi mkhate umenewu musanafike tsamba lachisanu.

Mbali ina ya mkhatewu ndi mbiri yabwino. Mu sewero la Shakespeare la Othello, lolembedwa cha m'ma 1603, Iago amawononga Othello, mkulu wa asilikali, ndi Desdemona mkazi wa Othelloyo, ndipo nthawi yonseyi anthu amamutcha munthu woona mtima. Othello amamukhulupirira kuposa mkazi wake. Cassio, amene Iago akumukumbira dzenje chifukwa anapatsidwa udindo umene iye ankaufuna, amapita kwa Iago yemweyo kukapempha nzeru. Chida chachikulu m'sewero lonselo ndi kampango ka m'manja. Ndipo Iago ali ndi mawu ambiri m'seweromo kuposa Othello mwini dzina, zimene zikukuuzani kuti mlembi anathera nthawi yake pa ndani.

Choncho mupatseni Bambo Aakulu zabwino zenizeni, osati zachiphamaso zokha. Ndi iye amene anathamangira bokosi. Ndi iye anakambirana ndi adzukulu, napeza galimoto yonyamula thupi. Ndi mkulu wa mpingo kwawo ndipo amayimba besi yokoma. Mwana wamng'ono uja amamukonda chifukwa amamuchekera mzimbe ndi kampeni kake. Zimenezi musazilembe monyodola. Zikakhala zoona, Nabanda akayamba kudandaula anthu amuona ngati wosayamika, ndipo iye mwini ayamba kudzikayikira. Kudzikayikira kumeneko n'kowawa kuposa mbama.

5. Mumvereni pakamwa

Lamulo langa ndi limodzi: asatchule chimene akufuna ndi dzina lake lenileni. Taonani kachigawo aka, patatha masiku anayi chiikireni maliro.

Bambo Aakulu anakhala pa mpando wa malemu uja, navula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Alamu, mwalawako kanthu lero?"

"Pang'ono, alamu."

"Ayi, muzidya. Anawa akuyang'ana inu. Ife tataya m'bale, koma inu mwataya mzati." Anakhala chete, akuyang'ana chithunzi cha ukwati pakhoma. "Paja minibasi ija ikuyenda?"

"Ikuyenda. Adalaivala amabweretsa ndalama madzulo."

"Kwa inu?"

"Ee."

Anatembenuza chipewa chija kawiri. "Anyamata a pa depoti si anthu, alamu. Akangodziwa kuti pakhomo palibe mwamuna, mawa mumva kuti tayala laphulika, mkuja injini yagogoda. Inu muli pa chisoni, musamalimbane ndi zimenezo. Makiyi ndi buluu buku mundipatse ndizisunga mpaka tidzamange chiliza. Ndi zanu ndithu, ine n'kungokugwirirani."

Onani dongosolo lake: chakudya, ana, kenako minibasi. Onaninso kuti sananame paliponse poti mungamugwire. Madalaivala ena amaberadi eni galimoto, ndipo Nabanda alidi pa chisoni. Akakana, ndiye kuti wanena kuti mlamu wake ndi wakuba, m'nyumba muli anthu opepesa. Mawu akuti "Kwa inu?" ndi awiri okha, koma ndi pamene pali mano.

Ngati mukulemba sewero la pa wailesi, kumene kulibe chipewa choti anthu aone, mupatseni kamawu kake kapena kaphokoso kake: kutsokomola pang'ono asanapemphe kanthu, kapena mawu oti "tisathamange" amene amawanena nthawi iliyonse akafuna kutseka nkhani. Omvera akazolowera, kamawuko kokha kadzawazizira m'mimba. Ndipo chotsani chiseko cha chikhakhali chija. Chotsaninso zoyankhula yekha zofotokoza chiwembu chonse, pokhapokha ngati muli ndi luso loti oonera achite manyazi kuti akusangalala naye.

6. Akhale wochenjera kuposa mwininkhani, ndipo apambane kangapo

Fisi wa m'nthano ndi wosangalatsa pa moto madzulo, chifukwa ntchito yake ndi kupusa kuti ana aseke. Koma ngati mukufuna mantha, phunzirani kwa Kalulu. Kumbukirani nthano ya chitsime: anakana kukumba nawo, koma madzi ankamwa tsiku ndi tsiku, chifukwa mlonda aliyense amene nyama zinkaika ankamunyengerera ndi uchi n'kumumanga. Zinyama zamphamvu zinagwa chimodzichimodzi. Pofika pamene Kamba akuti ndiyeseko, omvera amakhala atataya mtima, ndipo n'chifukwa chake ulimbo wa pa msana pake umakoma.

Lembani mndandanda wa zopambana za mdani wanu, kuyambira chaching'ono. Za Bambo Aakulu zikuyenda motere. Ayamba ndi kusunga chipepeso. Kenako makiyi. Kenako abweretsa mwana wake wamwamuna kuti "azithandiza pakhomo", ndipo mnyamatayo agona m'chipinda cha mwana wamkulu wa malemu. Nabanda akayamba kufunsa za ndalama, kumveka mphekesera kuti malemu sanafe imfa yabwino, kuti mayiyu anali ndi chibwenzi kalekale. Mphekeserayo sichokera pakamwa pa Bambo Aakulu. Iye amangopukusa mutu pamaso pa azimayi awiri oyenera n'kunena kuti, "Zina sitinena." Pomaliza aitanitsa msonkhano wa banja kumudzi, kumene Nabanda ndi mlendo.

Sitepe iliyonse ikhale yaing'ono moti munthu wanzeru atha kuilola, koma zikaphatikizana zikhale phompho. Ndipo Nabanda asakhale chitsiru. Ayese njira zanzeru, apite kwa ankhoswe, apite kwa abusa, n'kupeza kuti Bambo Aakulu anafikako dzulo.

7. Chenjerani ndi nkhope imene mukumuveka

Apa ndiyankhula mosapsatira. Nkhani zathu zambiri, makamaka masewero a kusukulu ndi mafilimu otsika mtengo, zikafuna munthu woipa zimathamangira gogo wa maso ofiira wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Zina zimatenga wolumala, wachialubino, wa mtundu wina, kapena mayi wopeza. Ulesi umenewu uli ndi mtengo wake kunja kwa pepala. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma zala zikulozabe, ndipo nkhani zimene timalemba zimaphunzitsa ana koloza.

Ngakhale mutaiwala zonsezo, pa luso lokha nkhope yotere ndi yofooka. Wowerenga akangoona maso ofiira wadziwa kale zonse, palibe choti apeze. Ngati ufiti uyenera kulowa m'nkhani yanu, taganizirani kuti mwina woipa weniweni ndi amene akuloza chalayo, ndipo dzifunseni kuti munda wa gogoyo ugwera ndani akathamangitsidwa.

Bambo Aakulu akhale wooneka bwino, wa mano oyera, wonunkhira sopo.

8. Muyeseni musanapitirire

Mayeso ake ndi achidule. Choyamba, fufutani m'maganizo mwanu zigawo zonse zimene iye akupezeka. Nkhani ikayendabe, ndiye kuti anali chokongoletsa chabe. Chachiwiri, werengerani anthu awiri kapena atatu mokweza chigawo chimodzi chimene iye akuyankhula, osawauza kuti woipa ndi uti. Wina akati, "Komatu bamboyu akunena zoona," mnzake n'kumuyankha kuti, "Iwe sukumuona?", musakhudzenso chigawocho. Wina akanena kuti akumukumbutsa amalume ake, mwapha. Onse akangoseka, bwererani pa langizo lachiwiri lija.

Ndipo ngati mwamutenga kwa munthu weniweni, monga ambiri timachitira, sinthani dzina, mudzi, ntchito ndi maonekedwe mpaka mkazi wake yemwe asamuzindikire. Mukulemba nkhani, simukubwezera.

9. Kugwa kwake kuchokere m'thumba mwake

Mathero amene ndatopa nawo ndi atatu: mphezi imuwomba, achita misala n'kuyamba kuulula zonse pamsika, kapena pa tsamba lomaliza alowa m'tchalitchi akulira n'kulapa. Onsewa ndi mlembi amene watopa n'kuitana thandizo kuchokera kumwamba. Wowerenga wayenda nanu ulendo wonse akudikira kuona mmene munthu wochenjera chotere angagwere, ndiye inu mukumupatsa nyengo ya mvula.

Buku la Estere likuonetsa njira yabwino. Hamani anali ndi ulemu wonse mu ufumu wa Ahaswero, koma zonsezo sizinkamukwanira chifukwa munthu mmodzi, Mordekai, sankamugwadira. Anakonza mtengo wotalika mikono 50 woti amupachikepo. Mfumu itamufunsa choyenera kuchitira munthu amene mfumu ikufuna kumulemekeza, Hamani anaganiza kuti akunena iye, natchula chovala cha mfumu, kavalo wa mfumu ndi kulengezedwa m'misewu. Zonsezo anazichitira Mordekai ndi manja ake, ndipo pa mtengo uja anapachikidwapo yekha. Njala ya ulemu imene inamukweza ndi yomwe inamugwetsa. Iago nayenso sanagwidwe ndi asilikali anzeru. Anamuulula ndi mkazi wake Emilia, amene anatola kampango kaja, munthu amene iye ankamuyesa wopanda pake.

Ndiye funani khalidwe limene mdani wanu amanyadira kwambiri, mulibzale koyambirira ngati kanthu kosafunika, kenako mulisiye limere. Bambo Aakulu ndi munthu wolemba. Ali ndi kope la sukulu, lachikuto chofiira, lomangidwa ndi mphira, limene amayenda nalo m'thumba la jekete. M'menemo muli tambala iliyonse imene anawonongera mng'ono wake: fizi ya teremu iliyonse, nsapato, thiransipoti, ngakhale sopo. Kopelo ndi umboni wake kwa Mulungu ndi kwa anthu kuti iye ndi wolakwiridwa. Tiyamba kuliona pa siwa, akulembamo chipepeso, anthu akuyamikira kuti bamboyu ndi wadongosolo. Tilionanso kawiri kapena katatu, mongodutsa, akulembamo kanthu adalaivala atachoka.

Munthu wotere sangathe kulandira ndalama osailemba. Dzanja limangopita lokha.

Pa msonkhano wa kumudzi uja, Nabanda wapanikizika, ankhoswe ake asowa chonena. Bambo Aakulu, poona kuti wapambana, afuna chinthu chimodzi chowonjezera chimene sankafunika kuchifuna: kuti anthu avomereze pagulu kuti iye ndi wolungama. Atulutsa kope, amasula mphira, ndipo popeza magalasi ake anawaiwala ku Area 25, apatsira Chisomo, mwana wamkulu wa malemu, wa Fomu 4.

"Mwanangu, tawerengera anthuwa amve zimene ndinawachitira bambo ako."

Chisomo awerenga fizi, awerenga nsapato, awerenga sopo. Anthu akung'ung'udza movomereza, agogo akupukuta misozi. Afika pamene inki yasintha mtundu, ndipo sayima. Awerenga ndalama za minibasi, tsiku ndi tsiku, miyezi isanu imene amayi ake ankauzidwa kuti galimoto ili ku galaja. Awerenga chikole chimene munthu wina wapereka pa nyumba ya ku Area 25, ndi tsiku loti adzamalize.

Apa musalembe kuti anagwa pansi, kapena kuti anapempha chikhululukiro. Munthu amene wakhala zaka 30 akudziona wolakwiridwa sasintha chifukwa mtsikana wawerenga masamba anayi. Musiyeni akhale chikhalire pa mpando wake, chipewa pa bondo, bwalo lonse lili zii, mfumu ikuyang'ana pansi. Kenako atambasule dzanja kwa Chisomo, ndi mawu ofewa omwe aja anafunsira ngati alamu alawako kanthu.

"Wadumpha tsamba, mwanangu. Pali jekete imene ndinawagulira popita ku intavyu. Bwerera uwerenge bwino."